Tsobola wakale akuwawabe: tiphunzitseni kukompaila C ndi Fortran

Pakati pa ife amene tikuphunzira uphunzitsi wa masamu, sayansi ndi kompyuta pafala maganizo ena amene palibe wawafunsa bwinobwino. Maganizowo amati zilankhulo za kompyuta monga C ndi Fortran n'za agogo, ndipo wophunzira wa lero akangodziwa Python basi zake zayera. Wina akatchula Fortran anthu amaseka, ena n'kuponyapo mwambi uja woti tsobola wakale sawawa. Ife tikuona mosiyana, ndipo pempho lathu m'nkhani ino ndi limodzi: aliyense amene adzaphunzitse masamu kapena kompyuta asamalize maphunziro ake asanalembe kachidutswa ka C kapena Fortran, kukakompaila ndi manja ake, n'kukalumikiza ku Python, ngakhale kamodzi kokha.

Tikudziwa kuti magazini ino imafikanso kwa makolo ndi abale amene sanagwirepo ntchito yotere, choncho tiyambe tafotokoza mawu akuti kukompaila. Kompyuta simva Chichewa kapena Chingerezi, ndipo ngakhale Python siimva. Purosesa imamva malangizo a manambala okhaokha, kotero chilichonse chimene munthu walemba chiyenera kumasuliridwa. Python imachita ngati womasulira wa pamsonkhano: mlendo anena chiganizo, womasulira abwereza, mlendo apitiriza. Uthenga umafika ndithu, koma nkhani ya theka la ola imadya ola lathunthu, ndipo mlendoyo akanena mawu omwewo kakhumi womasulira nayenso amasulira kakhumi. C ndi Fortran zimatsata njira ina. Pulogalamu yotchedwa kompaila imatenga zonse zimene munthu walemba n'kuzimasulira kamodzi kokha, ngati buku lomasuliridwa kale, ndipo kuchokera pamenepo purosesa imangodziwerengera yokha mwaliwiro. Kumasulira kwa kamodziko ndiye kukompaila. Kachidutswa kokompailidwa kamene kalumikizidwa ku Python, ku R kapena ku MATLAB kuti kazisenza ntchito yolemera ndi kamene akatswiri amati extension, kutanthauza chowonjezera.

Tikalemba import numpy m'labu, kompyuta n'kuchulukitsa manambala miliyoni m'kuphethira kwa diso, timayamikira Python. Koma ntchitoyo sanagwire ndi Python. Python yangotuma. Mkati mwa NumPy, laibulale imene pafupifupi aliyense wowerengera masamu ndi Python amadalira, muli khodi ya C yokompailidwa kale. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Mu Python wamba, nambala iliyonse ya madesimo ndi kaphukusi kokhala ndi chizindikiro cha mtundu wake komanso chiwerengero cha malo amene akukagwiritsa ntchito. Pa kompyuta zamasiku ano kaphukusi kameneka kamadya mabaiti 24, pomwe nambala yeniyeniyo imangofuna 8. Pophatikiza manambala awiri, Python imayamba yafunsa kuti ichi n'chiyani, nanga ichi n'chiyani, kenako n'kupanga kaphukusi katsopano ka yankho. Ichite zimenezi kamiliyoni, muona mmene nthawi imathera. NumPy imandandalika manambalawo moyandikana m'memore, mabaiti 8 iliyonse, miliyoni imodzi m'mamegabaiti 8, ndipo lupu ya C imangodutsamo osafunsa kanthu.

Nanga Fortran ikulowa pati? Fortran inatuluka ku kampani ya IBM mu 1957, pansi pa utsogoleri wa John Backus, ndipo dzinalo ndi chidule cha mawu otanthauza kumasulira mafomula. C inabwera pambuyo pake, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kuchokera kwa Dennis Ritchie ku Bell Labs. Python ya Guido van Rossum ndi ya 1991, ndipo NumPy 1.0, imene Travis Oliphant anaimanga pophatikiza malaibulale awiri akale, Numeric ndi Numarray, ndi ya 2006. Pamene NumPy inkabadwa, akatswiri a masamu anali atatha kale zaka zambiri akulemba ndi kuyesa njira zowerengera mu Fortran. BLAS yoyamba ndi ya 1979, ndipo LAPACK inatuluka mu 1992. Mmodzi mwa amene anatsogolera ntchitoyi, Jack Dongarra, analandira mphoto ya Turing ya chaka cha 2021. Anthu a NumPy ndi SciPy sanaone chifukwa cholemberanso zinthu zoyesedwa kale chotero, anangozilumikiza.

Taonani chitsanzo chimene mphunzitsi aliyense wa masamu angachimve. Ku sekondale tinaphunzira kupeza x ndi y m'maikweshoni awiri pochotsa chosadziwika chimodzi kaye. Mukalemba numpy.linalg.solve ndi manambala a madesimo, Python imatumiza ntchitoyo ku kapulogalamu ka LAPACK kotchedwa dgesv, kamene kamachita kuchotsa komweko, kungoti kamasankha mosamala mzere woyambira nawo pa sitepe iliyonse kuti zolakwika za madesimo zisakule. Dzina looneka lachilendolo lili ndi tanthauzo: d ikunena manambala a mabaiti 8, ge ikunena matrix wamba, sv ikunena kupeza yankho. Ndi lalifupi chifukwa Fortran 77 sinkalola dzina lopitirira zilembo zisanu ndi chimodzi. Lamulo la nthawi ya agogo athu likuonekerabe m'laputopu imene mwagula chaka chino.

Ndipo si m'kalasi mokha. Mapulogalamu akuluakulu olosera zanyengo, monga IFS ya bungwe la ECMWF ku Ulaya ndi WRF yochokera ku America, analembedwa makamaka mu Fortran. Mapulogalamu a mtundu umenewu ndi amene akatswiri padziko lonse amadalira polondola njira ya anamondwe ngati Freddy, amene anasakaza chigawo chakummwera mu Malichi 2023. DSSAT, imene ofufuza zaulimi amayesera mmene chimanga chingachitire mvula ikachedwa kapena feteleza akachepa, nayonso ndi ya Fortran. Amene akuti tsobolayu sawawa sanamulawe.

Tsono chimene tikupempha si kosi ya chaka chathunthu ayi. Ndi ntchito ya masana awiri kapena atatu. Wophunzira alembe kapulogalamu ka Fortran ka mizere khumi kapena khumi ndi isanu, mwachitsanzo kopeza malo a pansi pa girafu pogwiritsa ntchito lamulo la trapezium. Asonyeze kuti ndi manambala ati akulowa ndipo ndi ati akutuluka, ndi mawu akuti intent(in) ndi intent(out). Kenako agwiritse ntchito f2py, chida chimene chimabwera kale ndi NumPy, chimene anachiyamba ndi Pearu Peterson wa ku Estonia. Fayilo ikhale masamu.f90, lamulo lake ndi ili: f2py -c -m masamu masamu.f90. Zikayenda bwino pamatuluka fayilo yatsopano, yothera ndi .so pa Linux kapena .pyd pa Windows, ndipo mu Python munthu amangolemba import masamu ngati laibulale ina iliyonse. Pomaliza alembe lupu yomweyo mu Python wamba, ayese nthawi ya zonse ziwiri pa magawo mamiliyoni khumi, aone yekha kusiyana kwake. Wofuna C angachite chimodzimodzi ndi ctypes kapena Cython.

Liwiro ndi limene limasangalatsa tsiku loyamba, koma kwa ife aphunzitsi phindu lenileni lili pa zinthu zimene Python imatibisira mokoma mtima, zimene kompaila imaziika poyera.

Choyamba ndi kakhalidwe ka manambala m'memore. Tebulo la malikisi lili ndi mizere yopingasa ndi yotsika, koma memore ya kompyuta ndi mzere umodzi wautali. C imasunga tebulo potsata mizere yopingasa: malikisi onse a mwana woyamba, kenako a wachiwiri. Fortran imatsata mizere yotsika: malikisi a masamu a ana onse, kenako a Chichewa a ana onse. NumPy, mukapanda kuiuza zina, imatsata C. Mukapereka tebulo lotere ku Fortran kudzera mu f2py, chidacho chimakopera tebulo lonse mwakachetechete n'kulikonzanso, zimene zimadya nthawi ndi memore. Mukapereka mwachindunji popanda mkhalapakati wotere, Fortran imawerenga manambala omwewo mwa dongosolo lake, yankho n'kutuluka lolakwika popanda chenjezo lililonse. Onjezanipo kuti C imayamba kuwerenga malo pa 0 pomwe Fortran imayambira pa 1. Munthu amene wapunthwapo apa kamodzi sadzaphunzitsanso matrix ngati kabokosi kongojambula pa bolodi.

Chachiwiri, chimene ife tikuchiona kuti n'chofunika kuposa zonse, ndi malire a nambala. Mu Fortran ukalemba real osawonjezera kanthu, makompaila ambiri amakupatsa nambala ya mabaiti 4, imene imasunga madijiti pafupifupi asanu ndi awiri okha. Mu C float ndi chimodzimodzi. Tengani 16,777,216 n'kuphatikizapo 1 mu nambala yotere. Yankho ndi 16,777,216. Imodzi ija yasowa, chifukwa pamenepa mpata wa pakati pa manambala amene kompyuta ingathe kusunga wakula kufika pa 2. Ikani K kutsogolo kwa nambalayi muone ngati ili kutali ndi ndalama za fizi zimene sukulu ya sekondale yogonera komweko imatolera pa temu. Ngakhale ndi mabaiti 8 vutoli silitha, limangopita patali: funsani Python kuti 0.1 kuphatikiza 0.2 n'chiyani, ikuyankhani 0.30000000000000004, chifukwa 0.1 salembeka ndendende m'manambala a 0 ndi 1, monga mmene gawo limodzi mwa atatu silithera m'madesimo. Ndipo mu Fortran ukalemba 0.1 pamalo ofunika 0.1d0, wataya theka la madijiti ako usanayambe n'komwe kuwerengera. Tsiku lina mwana wa Fomu 3 adzatifunsa chifukwa chake kompyuta yapereka yankho losiyana pang'ono ndi la m'buku. Tidzamuuza kuti kompyuta silakwitsa? Kapena kuti wakanikiza molakwika? Mayankho onse awiri ndi abodza, ndipo mphunzitsi amene sanasankhepo yekha pakati pa mabaiti 4 ndi 8 amatha kuwapereka ndi mtima woyera.

Chachitatu ndi kuwerenga uthenga wa cholakwika. Kukompaila kawirikawiri kumakana ulendo woyamba. Kompaila palibe, kapena ilipo koma kompyuta sikudziwa pamene ili. Fayilo ya Python.h yasowa chifukwa phukusi la python3-dev silinaikidwe. Kapena zonse zakompailika koma polumikiza dzina la kapulogalamu silikupezeka, chifukwa gfortran imasandutsa dzina kukhala la zilembo zazing'ono n'kuwonjezera kamzere kapansi kumapeto, pamene khodi ya C ikufunafuna dzina lopanda kamzereko. Sikirini imadzaza ndi mizere mazana, ndipo chibadwa chimati tseka, itana wina. Luso lake ndi kubwerera m'mwamba mpaka pa cholakwika choyamba, popeza zotsatirazo nthawi zambiri ndi ana ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'maphunziro athu a kompyuta ndi ntchito zochepa zimene zimaphunzitsa kudekha kotere.

Alipo amene angatsutse, ndipo mfundo zawo si zachibwana. Yamphamvu kwambiri inachokera kwa mphunzitsi mnzathu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Cleve Moler, akuphunzitsa pa University of New Mexico, analemba MATLAB yoyamba n'cholinga choti ophunzira ake azigwiritsa ntchito LINPACK ndi EISPACK popanda kulemba Fortran. Anaona kuti nthawi yophunzira masamu inkathera pa kulimbana ndi kompaila. Anali wolondola, ndipo ife sitikufuna kubwerera kumeneko. M'phunziro la matrix, wophunzira aziganizira matrix. Koma Moler anatha kubisa Fortran chifukwa ankaidziwa bwino lomwe, ndipo MATLAB yoyambayo anailemba mu Fortran momwemo. Mpaka lero MATLAB ili ndi khomo lotchedwa MEX lolumikizira C ndi Fortran, Octave ili ndi mkoctfile, ndipo R pa Windows ili ndi Rtools. Onsewa anasiya khomo chifukwa ankadziwa kuti wina adzafunika kulowa. M'kalasi ya ana makumi asanu ndi limodzi si onse adzalowe, koma amene waima kutsogolo ayenera kudziwa kumene khomolo lili.

Ena akuti masiku ano palibe amakompaila, umangolemba pip install basi. N'zoona kuti zinthu zapepuka, koma ndi posachedwapa. SciPy inayamba mu 2001, komabe mafayilo okompailidwa kale a Windows, amene amawatcha wheel, anayamba kupezeka pa PyPI ndi SciPy 1.0 mu 2017. Chimodzi mwa zimene zinachedwetsa chinali kusowa kwa kompaila ya Fortran yaulere yogwirizana bwino ndi zida za Microsoft. Kwa zaka zambiri anthu ankadalira tsamba la wofufuza mmodzi, Christoph Gohlke wa ku University of California ku Irvine, amene ankakompaila mapulogalamuwa n'kuwagawa kwaulere. Wheel si matsenga. Ndi umboni woti munthu wina kwinakwake wakukompailirani. Tsiku limene sanatero, chifukwa Python yanu ndi yatsopano kwambiri kapena yakale kwambiri, kapena laibulale imene mukufuna ndi ya ofufuza ochepa, pip imayesa kukompaila yokha pa kompyuta yanu, ndipo pa Windows mumalandira uthenga wodziwika uja wofuna Microsoft Visual C++ 14.0. Pansi pamasunthanso. Python 3.12, ya mu 2023, inachotsa distutils imene zowonjezera zambiri zinkadalira pomangidwa, ndipo NumPy ndi SciPy zinasamukira ku Meson. Mu Juni 2024 NumPy 2.0 inasintha kalumikizidwe kake ka mkati, kotero zowonjezera zokompailidwa ndi NumPy 1 zinayamba kukana kuyenda mpaka zitakompailidwanso. Amene amadziwa tanthauzo la kukompaila anawerenga uthengawo n'kumva chochita. Ena onse anangoti kompyuta yawonongeka.

Mfundo yachitatu ndi yakwathu kuno: sukulu zambiri zimene tidzatumizidweko zilibe labu, zina zilibe ngakhale magetsi, ndiye zonsezi n'zachiyani? Ife tikuti mfundoyi ikugwira ntchito mbali inayo. Mphunzitsi wa ku London akakanika, ali ndi intaneti yosatha ndi katswiri wa kompyuta pakhomo loyandikana. Ife tidzakhala ndi makompyuta akale opatsidwa ndi abwenzi akufuna kwabwino, bandulo ya pafoni yogula ndi ndalama za m'thumba, ndipo katswiri wa pasukulupo tidzakhala ife tomwe, tifune tisafune. Kompyuta zakale ndi zimene wheel zatsopano zimayamba kuzisiya. Pamalo otere kudziwa kumanga chinthu kuchokera ku khodi yake kumasiyanitsa labu yogwira ntchito ndi chipinda chosungira fumbi. Zida zake si zodula: gcc ndi gfortran n'zaulere, zimayenda bwino pa Linux ngakhale pa laputopu yotopa, ndipo pa Windows zimapezeka kudzera mu MSYS2. Zida za Microsoft zokompailira zimadya magigabaiti angapo potsitsa, n'chifukwa chake si nzeru kuti wophunzira aliyense azitsitsa payekha. Munthu mmodzi atsitse, fulashi izungulire.

Sitibisa kuti Fortran yakale ikuchepa m'malo ena. Anthu a SciPy akhala akumasulira khodi yawo ya Fortran 77 kupita ku C m'zaka zaposachedwapa, mwa zina chifukwa odziwa kuisamala akuchepa ndipo kupeza kompaila yake pa makina atsopano kumavuta. Palinso Numba, imene imakompaila Python pulogalamu ili mkati moyenda, ndi chilankhulo cha Julia, chimene chinatuluka mu 2012 n'cholinga choti munthu asamafunike zilankhulo ziwiri. Koma onani kumene SciPy ikusamukira: ku C, imene imafunabe kompaila. Numba nayo imakana kapena kuchedwa ikalephera kuzindikira mtundu wa nambala, ndipo womvetsa chifukwa chake ndi yemwe uja analembapo real ndi integer ndi dzanja lake. Sitikulimbikira Fortran chifukwa cha chikondi cha zakale. Tikuitchula chifukwa kwa munthu wa masamu ndi yosavuta kuwerenga kuposa C, mafomula amaoneka ngati mafomula, ndipo f2py imachotsa ntchito yambiri yolumikiza.

Kwa aphunzitsi athu, tikupempha mwaulemu kuti m'phunziro limodzi la masamu a pakompyuta kapena la kaphunzitsidwe ka kompyuta mupatulemo magawo awiri a ntchito imeneyi, ndipo malikisi ake asakhale a liwiro la pulogalamu koma a kufotokoza: n'chifukwa chiyani yakana, n'chifukwa chiyani yankho lasiyana pa dijiti yachisanu ndi chitatu. Kwa osamalira labu, tikumvetsa chifukwa chimene ophunzira saloledwa kuika mapulogalamu paokha, popeza mavairasi a m'mafulashi tonse timawadziwa. Koma ngati ndi choncho, muikiretu inuyo gcc, gfortran, Meson ndi Ninja pamodzi ndi Python, ngakhale pa makompyuta asanu okha a pakona, chifukwa kuyambira Python 3.12 f2py siimanga kanthu popanda Meson. Anzathu amene muli ndi malaputopu simukufunika kudikira chilolezo cha wina: pa Ubuntu lamulo la sudo apt install gfortran python3-dev limabweretsa kompaila, pip install numpy meson ninja n'kubweretsa zotsalazo, ndipo lamulo la trapezium lili kale m'makope athu a chaka choyamba.